Pepala Limene Apongozi Anga aNambewe Ananditumizira

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga aNambewe kuno kwa Kabudula. Papita zaka zoposa makumi awiri chiwaikireni m'manda, koma zidzukulu zawo zangopeza kumene mphamvu zomangira. Mmodzi wa zidzukuluzo, amene ndi mphunzitsi, anawerenga mbiri yawo pamanda pomwepo. Ananena kumene anabadwira, ana amene anabereka, mpingo umene ankapemphera, ndipo pomaliza anati anamwalira ndi matenda a mtima. Palibe bodza limene mwanayo anawerenga. Koma pali pamene mbiriyo inadumpha, ndipo pamene inadumphapo ndi pamene pali ine. Ndiye ndati ndilembe ndekha, poti tsopano kulemba ndimatha.

ANambewe anali mayi wamfupi, wa mphini m'masaya, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Chimene aliyense amawakumbukira nacho ndi kudana ndi fumbi ndiponso utsi. Sanagwirepo tsache asanawaze madzi pansi. Akapeza mtsikana akusesa pouma, ankamulanda tsachelo n'kumufunsa ngati akusesa bwalo kapena akungolisamutsira m'mphuno za anthu. Amuna osuta chingambwe ankadziwa kuti pakhonde pawo sipokhala. Ngakhale pamaliro, munthu akayatsa fodya pafupi nawo ankamuuza kuti apite kumanda akasankhiretu malo, poti akuoneka kuti ali pachangu.

Chidani chimenechi chinali ndi pochokera. Amuna awo, a Chisale, anamwalira ine ndisanabwere m'mudzi muno. Ankalima fodya wa chikopa, uja wowamba ndi utsi, ndipo nyengo yowamba ankakhala m'balani masiku ambiri kuyang'anira moto. Anatha ndi chifuwa, miyendo itatupa ngati mitondo. ANambewe ankanena kuti atachapa bulangeti la malemuwo madzi anada bii, ndipo tsiku limenelo anadziwa chimene chinali m'kati mwa amuna awo. Ankati munthu amasankha chakudya, amasankha madzi, koma mpweya amangomeza uliwonse ngati nkhuku.

Ndewu yawo yaikulu inali ya chitseko. Mwezi wina wozizira, mayi wa nyumba yoyandikana nayo ankaphika m'nyumba yogona, chitseko chotseka, khanda lili pamphasa. ANambewe anamulangiza kawiri, iye osamva. Kachitatu sanalankhule. Anatenga nkhwangwa, anazula chitseko chija n'kukachiika pamwamba pa nkhokwe yawo. Mwamuna wa mayiyo anabwera akutukwana.

"Mayi inu, mwapenga kodi? Tigona bwanji ndi mphepo imeneyi?"

"Mugona mukunjenjemera, mudzuka amoyo," iwo anatero. "Chitseko mudzatenga tsiku limene ndidzaone khitchini."

Nkhaniyo inakafika kwa akulu a mpingo, ndipo aNambewe anapezeka olakwa. Anapepesa ndi pakamwa, koma chitseko anabweza khitchini itamangidwa. Khanda lija lero ndi bambo wa ana asanu.

Mayi amene ankazula zitseko za eni ake ameneyu, kwa ine sanalankhulepo mawu amodzi maso ndi maso. Ine ndinali mkamwini. Ndinakulira pa esiteti ina cha ku Kasiya, kumene makolo anga anali matenanti, ndipo ndinabwera kuno kudzakwatira mwana wawo, amake Yona. Mwambo wa kuno masiku amenewo unali woti mkamwini ndi apongozi aakazi amathawana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire atafunda chitenje kumaso, ine n'kupatukira mbali inayo. M'nyumba mwawo sindinkalowa, iwonso mwanga sankalowa. Njira yothetsera zimenezi inalipo: mkamwini ankapereka nkhuku kudzera mwa ankhoswe, ndipo kuyambira pamenepo ankatha kulonjerana ndi kukambirana. Ine ndinkangoti chaka chamawa. Kunena zoona, ndinkaona mmene ankakalipira anthu ena, ndipo ndinkakondwa kuti ine ndekha m'mudzi monse ndinali wotetezeka.

Tinali ndi njira yathu. Tsiku lina ndinatsamiritsa njinga pakhomo pa khitchini yawo. Ndili kuseri kwa nyumba ndinamva akulankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku iwe, kodi njinga iyi ikufuna kuphika? Ngati ikufuna kuphika undiuze, ndiipatse mthiko."

Ndinapita kukaichotsa, ndipo ndinauza nkhuku yomweyo kuti njinga yapepesa, siidzabwerezanso. Ndinamva akuseka m'khitchini. Kuyambira pamenepo nkhani zathu zonse zinkadzera mwa nkhuku, mwa mtondo, kapena mwa galu akakhala pafupi. Anthu ankasangalala nazo. Inenso ndinkaona ngati timamvana kuposa amene amalankhulana.

Nyumba yawo inali yokhayo ya malata kumbali kwathu kuno. Anawamangira ndi mwana wawo wamwamuna, alamu anga a Kefasi, amene ankagwira ntchito yophika ku Lilongwe. Inali ya chipinda chimodzi, ya njerwa zootcha, pansi pa simenti, mawindo awiri otseka ndi matabwa, ndi timabowo ta mpweya m'munsi mwa denga. Vuto lake inali m'mbali mwa msewu wochokera ku Nsaru, ndipo m'chilimwe malole ankautsa fumbi lofiira lofika mpaka m'mbale. ANambewe ankatsegula mawindo onse awiri n'kupachikapo zitenje zakale zonyowa. Zikauma ankazinyowetsanso. Madzulo ankazichapa m'beseni, n'kuitana aliyense wodutsa kuti adzaone madzi ofiirawo. Ankati dothi lonseli likanagona m'chifuwa mwawo. Ana ankawaseka kuti agogo akusefa mphepo ngati ufa.

Chaka china a Kefasi anatsika m'matola atasenza chibokosi choyera. Mabwana awo achizungu ankabwerera kwawo ndipo anachisiya. Anati ndi makina oyeretsa mpweya m'nyumba, ndipo bwana wamkuluyo, amene ankadwala mtima, sankagona popanda chimenechi. Kuno kunalibe magetsi, ndipo a Kefasi anakumbukira zimenezo atafika kale. Anthu anaseka mpaka misozi. Koma aNambewe sanaseke. Anauza mwana wawo kuti atsegule kumbuyo kwake, ndipo m'katimo anapeza chinthu chonga pepala lopindapinda, chitada ndi litsiro. Anachitulutsa, anachikweza m'mwamba.

"Taonani kuno nonsenu! Azungu nawonso ali ndi chitenje chawo. Kungoti iwo anachibisa m'bokosi kuti ana asawaseke."

Sabata yonse anayenda nacho, mpaka kuchigayo. Bokosilo analiika pakhonde, ndipo nkhuku inaikiramo mazira zaka zingapo.

Matenda anawayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankangoima kawiri pochokera kuchitsime. Kenako mapazi anayamba kutupa madzulo. Kuchipatala anati magazi awo akuthamanga ndipo mtima wayamba kutopa, n'kuwapatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse. Ankamwa mosadumphitsa. Ndi zitenje zawo, ndi mapiritsi awo, anakhala choncho zaka zinayi akulima, akukalipa. Sindine dokotala, sindinganene kuti akanakhala zaka zingati. Ndingonena zimene ndinachita ine.

Zinali zaka zoyamba za matipate, pamene anatilola ife alimi wamba kulima fodya wa bale. Ine amene ndinakulira kusoka fodya wa anthu ena, kwa nthawi yoyamba ndinali ndi fodya wanga. Anachita bwino chaka chimenecho. Koma akuba nawonso anachuluka. Mnzanga wina anamukolopera chigafa chonse choumitsira fodya, kusiya mikangala yokha yopachikapo. Nyumba yanga inali ya udzu, yodontha, chitseko chake cha bango. Ndinatuma amake Yona kuti akapemphe amayi awo ndisungeko fodya m'nyumba ya malata, sabata ziwiri zokha, mpaka lole yopita ku okushoni ibwere.

Anabwerera nati amayi avomera. Anati chibwerereni m'mudzi muno sindinawapemphepo kanthu, ndipo pempho loyamba la mkamwini silikanidwa.

Fodyayo ndinkamutula pakhomo, amake Yona n'kumalowetsa. Ankasankhira momwemo, pa simenti, ndipo ndikadinda mabelo pa jeke, makina opanikizira fodya, mabelowo ankabwereranso momwemo. Amene analimapo amadziwa kuti fodya wouma safuna mphepo. Mwera ukamudutsa amathetheka, amasanduka zinyenyeswa. Ndiye ndinatenga makwerero, ndinatseka timabowo ta mpweya tija ndi zidutswa za ziguduli ndi matope. Mawindo ndinawakhomera ndi misomali, poopa mphepo ndi akuba omwe. Zonsezi ndinachita ndili panja. Pokhoma windo lachiwiri ndinamva akutsokomola m'katimo. Ndinadikira kuti amalize, kenako ndinapitiriza kukhoma.

Sabata ziwiri zinatha, lole osabwera. Mwezi unatha. Ku okushoni kunadzaza, ndipo ife a makalabu ang'onoang'ono a alimi tinkangouzidwa kuti sabata yamawa. Fodya wowunjikidwa amatulutsa fungo loluma m'mphuno, ndi fumbi losaoneka limene limakhala pakhosi. Ine ndinkalidziwa kuyambira ubwana. Wina angafunse kuti bwanji sanasamuke. M'nyumba ya mkamwini sakanagona. Khitchini yawo inali yopanda makoma mbali ziwiri, monga anaifunira okha, ndipo unali mwezi wa chisanu. Koma pali chifukwa china chimene ndiyenera kuchilemba: ine ndinkafuna kuti m'nyumbamo muzigona munthu. Akuba amaopa nyumba yotsokomola.

Mmawa wina ndikudutsa ndinawamva pakhonde.

"Nkhuku iwe, kodi alendo ali m'nyumba mwangawa anabwera kudzacheza, kapena akwatira konkuno?"

Mawu awo anali oduka pakati, koma ine ndinaseka monga mwa masiku onse. Ndinauza nkhuku kuti alendo akudikira galimoto, apita posachedwa. Iwo sanaseke. Njira ya nkhuku ija inali ya nthabwala. Inkatha kunyamula njinga ndi mbuzi zolowa m'munda, koma katundu wolemera sinkamutha.

Amake Yona anandiuza kawiri kuti amayi akugona chokhala, atatsamira khoma, poti akagona chagada mpweya ukuwathawa. Kawiri konse ndinayankha kuti lole ili pafupi.

Tsiku lokatenga mapiritsi litakwana, amake Yona anawaperekeza kuchipatala pa ngolo. Anabwerako dzuwa litapendeka. Ine ndinali pa jeke pansi pa mtengo wa mango, ndi amuna asanu a kalabu yathu, tikudinda mabelo a mnzathu. Amake Yona anabwera, anagwada chapatali, n'kundipatsa pepala lopinda.

"Amayi akuti ili ndi lanu. Adokotala alembera inu."

Apa ndiyenera kuulula chinthu. Ine kusukulu sindinapite. Ana a matenanti tinkapita kumunda. Pa esiteti ndinaphunzira manambala ndi zizindikiro za magiredi a fodya, ndipo dzina langa ndinkalijambula monga mwana ajambulira nyumba. Pobwera kudzafunsira mbeta ndinali ndi cholembera m'thumba la malaya, ndipo anthu anaganiza kuti ndine wophunzira. Sindinawatsutse. Mkamwini alibe munda wake, alibe manda ake. Ine ndinali ndi cholembera. Makalata akabwera ndinkati maso akundivuta, kapena ndinkayang'ana n'kunena zimene ndinkaganiza kuti zalembedwa, ndipo nthawi zambiri ndinkalasa.

Ndinatambasula pepalalo. Amuna asanu aja anasiya jeke n'kumandiyang'ana. Ndinayendetsa chala, ndinagwedeza milomo.

"Alemba kuti apitirize kumwa mankhwala," ndinatero. "Ndiponso achepetse mchere."

"Basi?" anafunsa amake Yona.

"Basi. Zinazi ndi za madokotala okhaokha."

Mmodzi wa amuna aja anati, "Eti anthuni, mudzi wokhala ndi mkamwini wophunzira uli ndi chipatala chakechake." Onse anaseka. Amake Yona anatenga pepalalo, analipinda, anapita.

Ndikanama ndikati sindinadziwe kanthu. Zilembo sindinkazidziwa, koma ndinadziwa kuti dokotala salembera mkamwini za mchere. Aphunzitsi ankakhala kutsidya kwa dambo, ulendo wosatha ndi mphika wa madzi kuwira. Sindinapite. Ndikanapita, mudzi ukanadziwa kuti sinditha kuwerenga, ndipo ndikanamva mawu amene akanandikakamiza kutulutsa fodya wanga panja.

Lole inabwera patapita masiku khumi, Lachinayi mmawa. Potulutsa mabelo, aNambewe anali atakhala pansi pakhonde, msana kukhoma. Mapewa awo ankakwera ndi kutsika ngati a munthu amene wathamanga mtunda. Nditayandikira kudzalandira belo pakhomo, anakoka chitenje n'kudzifunda kumaso monga mwa mwambo. Munthu wosowa mpweya, kudziphimba mphuno chifukwa cha ine. Ndinaona mapazi awo okha, otupa, onyezimira. Ndinakwera pamwamba pa mabelo, tinanyamuka.

Uthenga unandipeza mawa lake pamzere wa malole ku Lilongwe. ANambewe anagwa masana a tsiku lomwe tinanyamukalo, akupita kukhitchini. Anawakweza pa ngolo, koma anatsirizika asanaoloke mlatho. Amene anazula misomali ya mawindo kuti anamfedwa apeze mpweya m'nyumbamo anali a Kefasi. Sanandifunse kanthu. Mpaka imfa yawo, sanandifunsepo.

Kusukulu ya akuluakulu ndinalowa patapita zaka zambiri, ana onse atakula, nditatopa ndi kunama. Ndinauza anthu kuti ndikupita kukathandiza aphunzitsi. Ndinakhala pabenchi limodzi ndi amayi obereka ana kumsana, ndikuphunzira kulumikiza zilembo. Chaka chachiwiri ndinayamba kuwerenga chilichonse chimene ndapeza, matumba a feteleza, zikwangwani za pa Nsaru. Tsiku lina ndikufuna khadi la ubatizo m'sutikesi ya amake Yona, ndinapeza buku la kuchipatala la amayi awo, atalikulunga m'pepala la shuga. Pakati pake panali pepala lopinda. Ndinalizindikira ndisanalitambasule.

Ndinaliwerenga chilembo ndi chilembo, nditakhala pa mphasa, dzuwa likulowera pakhomo. Linali m'Chichewa chosavuta:

"Kwa akamwini a mayi awa. Mtima wa mayiwa watopa kwambiri. Fumbi ndi fungo la fodya zikuwapanikiza. Chonde tulutsani fodya m'nyumba imene amagona, lero lomwe, ndipo mutsegule mawindo."

M'munsi mwake munali mzere wina, wolembedwa mothina poti malo anatha:

"Mayiwa akuti ndilembenso kuti sanakukwiyireni."

Ndinalibwezera mmene linalili. Sindinauze munthu. Ndakhala nalo m'mutu zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikhoza kulinena ndili mtulo. Chimene ndinkaopa chinali chimodzi: amake Yona. Mkazi amene wandiphikira zaka zonsezi, ndinkati akadzadziwa kuti ndinamunamiza pamaso pa anthu, ndipo amayi ake anafa ndi bodza limenelo, adzandiyang'ana bwanji?

Koma mbiri ya pamanda ija sinandipatse mtendere. Lamulungu, titabwerako kutchalitchi, alendo onse atapita, ndinapeza amake Yona akuswa mtedza pakhonde. Ndinakhala pampando. Kenako ndinanena.

"Amake Yona, pepala lija la adokotala. Lija munandipatsa pa jeke."

Sanasiye kuswa.

"Sindinaliwerenge. Sindinkatha kuwerenga nthawi imeneyo. Ndinangopeka za mchere."

"Ndikudziwa," anatero.

Ndinaganiza kuti sanamve bwino, ndiye ndinabwereza. Anaika lichero pansi.

"Bambo a Yona, ine ndinadziwa chaka choyamba cha ukwati wathu. Munawerenga kalata ya achimwene, mukuti alemba kuti atisowa kwambiri ndipo akutipempherera. Achimwene a Kefasi? Amene aja analembapo zotere chibadwire? Ndinakapereka kalatayo kwa mwana wa sukulu. Ankafuna tiwatumizire nyemba."

"Nanga amayi?"

"Amayi ndi amene anayamba kuona. Anati mumayang'ana pepala ngati munthu woyang'ana m'chitsime. Ndipo anandiletsa. Anati mwamuna wobwera alibe chake pamudzi, ndiye cholembera chokhacho musamulande. Kodi simunkadabwa kuti kalata ikabwera ankayamba aitana mwana kuti awerenge mokuwa, ati iwo akufuna kuyesa ngati sukulu ikugwira? Ankachitira inu."

Kenako ndinafunsa chimene chinandizunguza: ngati ankadziwa, ananditumiziranji pepala?

"Amayi ndi amene anawapempha adokotala. Adokotala anati, mayi, ingomuuzani mkamwini wanuyo. Iwo anati pakamwa panga sipangathe, koma pepala lilibe apongozi. Pobwerera pa ngolo anandiuza kuti mukalilandira mupita nalo mwakachetechete kwa aphunzitsi, mukamva kwa mwamuna mnzanu, ndipo mudzatulutsa fodya ngati mwaganiza nokha. Ife tidzakhala ngati sitikudziwa kanthu. Anati mwanjira imeneyo palibe achite manyazi."

"Ndiye inu munkadziwa zimene zinalembedwamo."

"Ndinali pomwepo akulemba. Anawerenga mokweza kawiri."

"Bwanji simunanditsutse?"

"Pamaso pa amuna asanu aja? Ndinalakwa kukupatsirani pagulu, ndinali ndi changu. Koma madzulo ake ndinakuuzani. Ndinati adokotala ananenanso za fodya. Mukukumbukira zimene munayankha?"

Sindinkakumbukira. Kapena ndinene kuti ndinali nditazikwirira.

"Munati, ndawerenga ndekha, kodi wophunzira ndi inu kapena ine? Ndipo ine ndinakhala chete. Ndikanatha kutenga nkhwangwa n'kuzula mawindo aja ndekha. Amayi anga akanatero, akanakhala wodwala ndi wina. Ine ndinasunga ulemu wanu, ndinasiya amayi anga. Inu mwasenza zaka zisanu ndi zinayi chiwerengereni pepalalo, eti? Ndinaona kuti mwaligwira, munalipinda mosiyana. Ine ndasenza kuyambira tsiku la jeke."

Sanalire. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe, poti ndinaona kuti chikhululukiro chimene ndinkafuna kwa iye, nayenso akuchisowa, ndipo amene akanatipatsa tonse awiri tinamuikira chiliza dzulo lake. Anamaliza mtedza umene unali m'dzanja, anadzikutumula, n'kunena kuti ndimutsate.

Nyumba ija anaigwetsa maliro atatha, monga tinkachitira mwini nyumba akamwalira. Malata anapita kwa a Kefasi, njerwa anthu anatola pang'onopang'ono. Chatsala ndi simenti ya pansi, m'mbali mwa msewu, yong'ambika pakati, chisoso chitamera m'ming'alu. Ndadutsa pamenepo masiku onse a moyo wanga, koma phazi langa linali lisanapondepo. Amake Yona anakwera pa simentipo, anatembenuka.

"Lowani," anatero.

Ndinavula nsapato, ndinakwera. Ndi kanyumba kakang'ono. Kunja kankaoneka kakakulu chifukwa cha malata. Ndinayesa ndi mapazi: masitepe asanu m'litali, anayi m'lifupi. Iye anatola chidutswa cha njerwa n'kuyamba kujambula pa simenti. Apa panali mabelo, mizere iwiri, kufika kudenga. Apa panali mulu wa fodya wosasankha. Apa ndi pamene iye ankakhala posankha. Anajambula mpaka simenti yonse inadzaza mizere yofiira, kupatula kampata kamodzi m'mbali mwa khoma la kumadzulo, kutali ndi khomo.

Sananene kuti kampatako kanali ka chiyani. Anataya njerwa ija, anatsika, anabwerera kunyumba.

Ine ndinatsala. Ndinagwada n'kuyesa ndi dzanja: zikhatho zitatu m'lifupi. Mphasa yawo yogonera sikanatambasuka pamenepo, ankaipinda pawiri. Ndinakhala pansi pomwepo, miyendo yotambasula, monga ankakhalira iwo, koma kumbuyo kwanga kunalibe khoma lotsamira. Pakona pali dzenje laling'ono pamene simenti inadyeka, mwina ndi pamene ankaika mtsuko. Mbuzi zimagona pamenepo masana, pali ndowe zake. Kumbali ya msewu kwamera mtengo wa mpoza umene palibe anaudzala. Patali ana ankabwera kuchokera ku Sande sukulu, ndipo atandiona anasiya phokoso, anadutsa cha kutali, akuyang'ana nkhalamba itakhala yokha m'kampata ka zikhatho zitatu, pabwalo lopanda makoma, pamene malo okhala ali mbali zonse.